Pobwerera Kwathu, Samalani Posinthira Ndege



Munthu akafuna kupita ku Hajj amakonzekera kwa zaka. Amasunga ndalama, mwina agulitsa ng'ombe kapena matumba a mpunga, amaphunzira zoyenera kuchita pa Arafat ndi pa Mina, amatsanzikana ndi abale ndi kupempha chikhululuko kwa amene adawalakwira. Mwana wopita kukaphunzira ku Madinah kapena ku Cairo timamukonzeranso chimodzimodzi, malangizo mpaka usiku. Koma mukafunsa za ulendo wobwerera, yankho limakhala lalifupi: "Tikiti ilipo kale." Tikitiyo ambiri saiwerenga mpaka tsiku lonyamuka. Chonsecho pobwerera ndi pamene munthu amakhala atatopa, ndalama zitatha, katundu atachuluka, chifuwa chitamugwira, mtima uli kale kumudzi.

Nkhani yanga m'kope lino ndi ya maola aja amene munthu amakhala pabwalo la ndege la dziko la eni, atatsika ndege yoyamba, akudikira yachiwiri. Ife a ku Malawi sitingawazembe maola amenewa. Achikulire akukumbukira nthawi imene ndege za British Airways ndi KLM zinkatera ku Lilongwe, koma lero wochokera ku Jeddah, ku Dubai kapena ku London pa ndege za masiku onse ayenera kusintha penapake. Kawirikawiri amasintha pabwalo la Bole ku Addis Ababa, la Jomo Kenyatta ku Nairobi kapena la O.R. Tambo ku Johannesburg. Ngakhale kampani yathu ya Malawi Airlines, imene idayamba kuuluka mu 2014 Air Malawi itatha, ili ndi mwini wake wina ku Addis Ababa komweko: Ethiopian Airlines ili ndi magawo 49 pa 100 alionse, boma lathu 51.

Funso loyamba kwa wogulitsa tikiti lisakhale la mtengo. Mufunseni kuti, "Kodi ulendo wonsewu, kuchokera kumene ndili mpaka ku Malawi, uli pa tikiti imodzi?" Tikiti imodzi imakhala ndi nambala imodzi yaifupi ya zilembo ndi manambala zisanu ndi chimodzi, ndipo ndege zonse ziwiri zimalembedwa pansi pa nambala yomweyo. Mukaona nambala ziwiri zosiyana, dziwani kuti mwagula maulendo awiri amene sakudziwana.

Kusiyana kwake tonse timakudziwa kale kuchokera pamsewu. Mukakwera minibasi ku Limbe yopita ku Mangochi, kondakitala nkukusinthirani mu ina pa Liwonde, simulipiranso, chifukwa ndi iye amene adalonjeza kukakufikitsani. Koma mukatsika nokha pa Liwonde nkupeza kuti minibasi imene mumayembekezera yanyamuka, palibe amene mungamugwire pakhosi. Ndege nazonso zili choncho. Pa tikiti imodzi, ndege yoyamba ikachedwa nkuphonyetsa yachiwiri, ndi udindo wa kampani kukuikani pa ndege yotsatira popanda kulipiranso, ndipo nthawi zambiri amaperekanso chakudya ndi pogona ngati mugonera. Masutikesi anu amawasamutsa okha, inu simuwaona mpaka ku Malawi. Pa matikiti awiri, kampani yachiwiri sidziwa zoti mumachokera kwina. Imangoona kuti simudabwere, ndipo ndalama yanu ikhoza kupita yonse.

Vuto la matikiti awiri silithera pomwepo. Kuti mutenge masutikesi anu ndi kuwaperekanso ku kampani yachiwiri, muyenera kudutsa kwa a zolowa ndi zotuluka, ndiye kuti mwalowa m'dzikolo. Ngati dzikolo limafuna viza kwa Mmalawi, ndipo inu mulibe, mwina sangakuloleni nkomwe kukwera ndege yoyamba ija. Abale athu ogwira ntchito ku Joni amvetse bwino apa. Kuyambira mu 2014, South Africa imaletsa kulowanso m'dzikomo munthu amene adapyola masiku ake, chaka chimodzi ngati adapyola ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati adapyola ndi ochuluka. Munthu wotere akagula matikiti awiri odzera ku Johannesburg wadzitchera yekha msampha. Britain nayo ili ndi lamulo lake lovuta: wokhala ndi pasipoti ya Malawi amafunika viza yodutsira ngakhale satuluka m'bwalo la Heathrow, pokhapokha akhale ndi zikalata zina zimene lamulolo limavomereza. Funsani zimenezi musanapereke ndalama, osati muli pamzere.

Ndikudziwa chimene chimakopa. Mwana ali ku Dubai kapena ku Doha wakhala akusunga kwa zaka ziwiri, ndipo pa intaneti wapeza ulendo wotsika mtengo. Malo ena ogulitsira matikiti amalumikiza okha ndege za makampani osagwirizana, chenjezo nkulilemba m'tizilembo tating'ono. Ena amakufikitsani pabwalo lina, ndege yachiwiri nkunyamukira pabwalo linanso la mzinda womwewo. Heathrow ndi Gatwick onse ndi a ku London, koma pakati pake pali mtunda woposa makilomita 60 pamsewu. Istanbul ili ndi mabwalo awiri, lina kumbali ya Ulaya, lina kumbali ya Asia. Ndalama imene mwapulumutsa pa tikiti muiyerekeze ndi mtengo wa tikiti yatsopano yogula tsiku lomwelo, muonjezere hotelo, kenaka musankhe. Komanso musadumphe gawo lililonse la tikiti yanu poganiza kuti mukakwerera kutsogolo. Mukaphonya gawo limodzi mwadala, makampani ambiri amafufuta magawo onse otsala.

Tsono nthawi ya pakati pa ndege ziwiri ikhale yotalika bwanji? Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo.

Bwalo lililonse lili ndi nthawi yochepetsetsa imene kompyuta imalola kuti munthu asinthe ndege. Ikakwana, tikiti imagulitsidwa. Koma kompyutayo sidziwa kuti wokwerayo ndi agogo a zaka 70 a ku Namwera amene mawondo adatupa pa Mina, kapena mayi wa ana atatu, wina kumbuyo. Taonani zimene zimachitika mu ola limodzi lolembedwa pa tikiti. Ndege ikatera imayenda pansi mphindi zingapo. Nthawi zina imaima kutali ndi nyumba ya bwalo, ndipo mumadikira basi. Amene mudakhala kumbuyo mumatsika pomalizira. Mukalowa mumapeza mzere wa chipikisheni china, kuvula lamba, mwina ndi nsapato, kutulutsa za m'matumba. Kenaka kufufuza chipata chanu, chimene chikhoza kukhala kutali ngati kuchoka kumsika kukafika kuchipatala. Ndipo chipata amatseka mphindi 15 kapena 20 nthawi yonyamuka isanakwane. Nthawi yolembedwa pa tikiti ndi yonyamuka ndege, si yofikira inu pachipata ayi. Mukachotsa zonsezi, ola lija latha, ndipo simudapite kokadzithandiza, simudatawaze, simudaswali. Apa tikunena za tsiku limene ndege yoyamba yafika pa nthawi yake.

Maganizo anga ndi awa. Mnyamata wathanzi wodziwa kuwerenga zikwangwani za Chingerezi, pa tikiti imodzi, maola awiri amukwanira. Banja la ana, munthu wachikulire kapena gulu, asavomere zochepera maola atatu, ndipo anayi ndi abwino koposa. Amene wakakamizika kugula matikiti awiri asiye maola asanu ndi limodzi, kapena angogona komweko nkunyamuka mawa lake. Nthawi imayezedwa ndi mwendo wa munthu wochedwetsetsa m'gulumo, osati wa mtsogoleri.

Ena anena kuti ndachulutsa. Koma kuphonya ndege yopita ku Malawi sikufanana ndi kuphonya ndege yopita ku London. Ku London ndege zimanyamuka zambiri pa tsiku kuchokera ku Dubai, mukaphonya ina mukwera ina madzulo. Kwathu kuno kampani imodzi kawirikawiri imabwera kamodzi pa tsiku, ndiye kuti mphindi khumi zochedwa zimabala maola 24 odikira. Nyengo ya Hajj zimanyanya. Mu 2024 anthu amene adachita Hajj adaposa 1.8 miliyoni, ambiri mwa iwo ochokera kunja, ndipo onsewa amatuluka m'masabata ochepa kudzera ku Jeddah ndi ku Madinah. Kuchedwa kunyamuka m'masiku amenewa si chinthu chachilendo. Gulu la anthu 40 likaphonya ndege ku Addis Ababa, sizikutanthauza kuti ndege ya mawa ili ndi mipando 40 yopanda anthu. Akhoza kuligawa gululo patatu, ena mawa, ena mkuja, mwamuna kwina mkazi kwina. Atsogoleri a magulu ndi amene amakonza maulendo a ma Haji aganizire zimenezi pamene akusankha tikiti, chifukwa amene adzagone pampando wachitsulo si iwo okha.

Kudikira kwambiri nako kuli ndi zake. Makampani ena, monga Ethiopian Airlines, amapereka hotelo kwa wodikira pakati pa maola 8 ndi 24 ngati padalibe ndege ina yofulumira, koma pali malamulo ake, ndiye funsani pogula tikiti ndipo akulembereni. Chinanso ndi khadi lachikasu la katemera wa yellow fever. Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la maiko amene matendawa amapezeka, ndipo munthu akakhalitsa pabwalo la dziko lotere maola oposa 12, dziko limene akupita likhoza kumufunsa khadilo. South Africa imafunsa, ndipo kwathu kuno akhozanso kukufunsani. Kuyambira mu 2016 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidagamula kuti katemera mmodzi ndi wa moyo wonse, choncho khadi lakale musalitaye. Lisungeni pamodzi ndi pasipoti.

Tsopano za wotchi. Nthawi zonse zolembedwa pa tikiti ndi za pamalo pamene ndegeyo ikunyamukira kapena kuterapo, osati za kwanu. Saudi Arabia, Qatar, Ethiopia ndi Kenya ali patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi. Dubai ili patsogolo ndi maola awiri. South Africa ndi ife tili pamodzi. London ili m'mbuyo ndi maola awiri nyengo yawo yozizira, ndi ola limodzi nyengo yawo yotentha. Tiyerekeze tikiti ikunena kuti munyamuka ku Addis Ababa 10:00 ndi kufika ku Lilongwe 12:45. Mukachotsera mupeza maola awiri ndi mphindi 45, koma m'mwamba mukhala maola atatu ndi mphindi 45. Izi zilibe vuto kwa inu okhala pampando. Vuto limabwera mukatsika pabwalo lachilendo wotchi ya pamkono ikadali pa nthawi ya kumene mwachokera. Mukangotsika, yang'anani wotchi ya pakhoma kapena ya pabolodi lolembapo ndege, nkukonza yanu.

Msampha waukulu ndi ndege za pakati pa usiku. Tikiti ikalemba kuti Lachiwiri 00:30, ndiye kuti muyenera kukhala pabwalo Lolemba usiku. Amene adzafike Lachiwiri madzulo adzapeza ndege idapita maola ambiri apitawo. Ife Asilamu izi siziyenera kutisokoneza, popeza tidazolowera kale kuti usiku umatsogolera usana wake, monga usiku wa Ijumaa umayamba Lachinayi dzuwa litalowa. Kungoti a ndege tsiku lawo limasintha 12 koloko usiku, osati pa Magharibi.

Ndionjezere kanthu kena kamene ambiri sadziwa. Anthu a ku Ethiopia ali ndi kawerengedwe kawo ka maola, koyambira m'mawa dzuwa likutuluka. Imene ife timati 7 koloko m'mawa iwo amati ola loyamba. Olankhula Chiswahili ku Kenya ndi ku Tanzania amateronso. Ogwira ntchito pabwalo la ndege amagwiritsa ntchito wotchi ya dziko lonse, koma mukagona kuhotelo nkufunsa woyendetsa galimoto kuti adzakutengani nthawi yanji, mupempheni akulembereni pa pepala ndi kukuonetsani pa wotchi yanu. Kusiyana kwa mawerengedwe awiriwa ndi maola asanu ndi limodzi, okwanira kukusiyitsani ndege.

Ana a kumadrasa amandifunsa kawirikawiri za swala ya paulendo, ndipo makolo awo amafunsa mochedwa, atabwerako kale. Allah adapeputsira wapaulendo. Nkhani yofupikitsa swala ili mu Surat An-Nisa ndime 101, ndipo Mtumiki (SAW) ankafupikitsa pa maulendo ake. Swala za maraka anayi, zimene ndi Dhuhr, Asr ndi Isha, zimakhala za maraka awiri. Magharibi ndi Fajr sizisintha. Kwa otsatira Imam Shafi'i, amene ndi ambiri mwa ife kuno, nkololedwanso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, komanso Magharibi ndi Isha, pa nthawi ya swala yoyamba kapena ya yachiwiri, ngati ulendo uli wa makilomita pafupifupi 81 kapena kuposa. Otsatira Imam Abu Hanifa amafupikitsa koma saphatikiza motere, kupatula pa Arafat ndi pa Muzdalifa. Mukaona m'bale wanu pabwalo la ndege akuchita mosiyana ndi inu, musamuyambire mtsutso, ali ndi maulama ake amene akuwatsata.

Chimene ndimalangiza ndi kutenga tikiti ndi pensulo usiku wa tsiku lonyamuka usanafike, nkulemba pambali pa ndege iliyonse swala zimene zidzakupezeni m'mwamba. Ngati ndege inyamuka itangokwana Dhuhr ndipo idzatera dzuwa litalowa, swalini Dhuhr ndi Asr pamodzi musanakwere. Ngati inyamuka Dhuhr isanakwane ndipo idzatera nthawi ya Asr, ikani niya yochedwetsa Dhuhr nkudzaswali zonse ziwiri mutatsika. Fajr siiphatikizika ndi ina iliyonse, ndiye ikakupezani m'ndege swalini mmene mungathere, nthawi isadutse. Mukawerenga chonchi muona nokha kuti maola atatu aja posinthira ndege sadali ochuluka. Mabwalo aakulu onse amene ndatchulawa ali ndi zipinda zoswaliramo, koma chipindacho chikhoza kukhala kutali ndi chipata chanu, ndipo kokatawaza kumakhala mzere. Pezani kaye chipata, muone nthawi imene ayambe kukweza anthu, kenaka mupite kukaswali. M'gulu, pitani mosinthana, ena atsale ndi katundu.

Qibla nayo imasintha. Tidazolowera kuyang'ana kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa, ndipo ku Johannesburg, ku Nairobi ndi ku Addis Ababa zili chimodzimodzi. Koma ku Dubai mumayang'ana kumadzulo, pamene ku London ndi ku Istanbul mumayang'ana pakati pa kum'mwera ndi kum'mawa. M'chipinda choswaliramo mumakhala chizindikiro, tsatirani chimenecho. Za chakudya, makampani a maiko a Aluya amapereka cha halal kwa onse, koma kwa ena muyenera kuitanitsa chakudya cha Asilamu kusanatsale tsiku limodzi kapena awiri, ndipo muonetsetse kuti chalembedwa pa ndege zonse ziwiri.

Katundu ndiye amene amaliza anthu ambiri pobwerera. Madzi a Zamzam amaloledwa botolo limodzi la malita 5 lomata kale, logulidwa movomerezeka, ndipo limaperekedwa palokha kwa a ndege. Musabise mabotolo ena m'sutikesi pakati pa zovala, chifukwa makina amawaona, ndipo sutikesiyo ikhoza kutsegulidwa kapena kutsalira inu mutapita. M'chikwama cha m'manja, kuyambira mu 2006, zamadzimadzi siziloledwa ngati botolo lake liposa mamililita 100. Mabwalo ena ayamba kufewetsa lamuloli, koma inu konzekerani ngati lilipo paliponse. Mafuta onunkhira, uchi ndi mafuta a habbat sauda ziikeni m'sutikesi yaikulu, zokulunga bwino. Chowawa kwambiri ndi ichi: mugula botolo lalikulu la mafuta onunkhira m'sitolo ya mkati mwa bwalo loyamba, mukwera nalo bwinobwino, koma pa chipikisheni cha bwalo lachiwiri akulandani. Mukagula, auzeni kuti musintha ndege, alimate m'thumba lapadera pamodzi ndi lisiti, ndipo musalitsegule mpaka kwanu.

Makampani ambiri obwera kuno amalola masutikesi awiri a makilogalamu 23 iliyonse, koma werengani tikiti yanu, chifukwa si onse. Tende ndi mabuku zimalemera kuposa mmene zimaonekera. Yezani katundu muli kogona, musakachite kumasula mitolo pansi pamaso pa anthu. Popereka sutikesi yang'anani kapepala kamene akumata pa chogwirira. Ngati mukupita ku Lilongwe palembedwe LLW, ngati ku Chileka palembedwe BLZ. Mukaona ADD, NBO kapena JNB pokha, funsani nthawi yomweyo, chifukwa ndiye kuti katundu wanu atsikira panjira. Timapepala ting'onoting'ono timene amakupatsani kapena kumata kuseri kwa chiphaso chokwerera ndege ndi umboni wanu wokhawo sutikesi ikasowa. Masutikesi akuda amafanana onse, mangani kansalu ka chitenje pa chogwirira, mkati muike pepala la dzina lanu ndi nambala ya foni.

M'chikwama cha m'manja muike zimene simungagone popanda izo. Mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, okwanira masiku atatu kuposa ulendo wanu, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Zovala zosinthira kamodzi. Chotchajira foni, komanso batire ija yonyamula yotchajira foni, imene malamulo a ndege saloleza kuika m'sutikesi yaikulu. Madola ochepa a timapepala ting'onoting'ono, popeza kwacha yathu simungagule nayo ngakhale kapu ya tiyi pabwalo la eni. Ndipo juzi. Addis Ababa ili pamwamba mamita oposa 2,300, usiku kumazizira, ndipo kuyambira June mpaka September kumakhala mvula. Munthu wochoka m'dzuwa la ku Makkah atavala kanzu yopepuka amanjenjemera usiku wonse, chifuwa chija nkukula.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani mukane ngakhale wopemphayo atavala kanzu ndi kofia: kunyamulira munthu phukusi limene simudaone mkati mwake. Pabwalo la ndege pamapezeka wina wonena kuti katundu wake wapyola muyezo, kapena akufuna mukapatse mayi ake kamphatso. Mtima wa Msilamu umafuna kuthandiza, makamaka wochokera ku Nyumba ya Allah. Koma pa lamulo, zimene zili m'chikwama chanu ndi zanu. Ogulitsa mankhwala ozunguza bongo amafuna anthu ooneka osalakwa, ndipo ku Saudi Arabia mlandu umenewu chilango chake chimafika pa imfa. Ngakhale wachibale, atsegule phukusilo muone ndi maso anu.

Za achikulire ndinene mwachidule. Njinga yokankha ya odwala pabwalo la ndege salipiritsa, koma muipemphe kusanatsale masiku awiri kudzera kwa amene adakugulitsani tikiti. Makolo athu ena amaikana chifukwa cha manyazi, amati sadalumale. Auzeni kuti wokankha njingayo amadziwa njira yachidule ndipo amawadutsitsa pamizere. Aliyense wa m'gulu amene sadziwa Chingerezi akhale ndi pepala m'thumba lolembapo dzina lake, nambala ya ndege, ndi foni ya mtsogoleri. Pasipoti ya munthu ikhale ndi mwini wake kapena ndi amene sasiyana naye, osati ndi mtsogoleri amene akhoza kukhala atadutsa kale chipata. M'ndege ndi podikira, imirirani nthawi ndi nthawi, yendani pang'ono, imwani madzi. Kukhala malo amodzi maola ambiri kumatha kuundanitsa magazi m'mitsempha ya m'miyendo. Ndipo amene agone pabenchi asadalire kuti amva dzina lake pa chimkuzamawu. Mabwalo ena salengeza nkomwe, ndipo chipata chimatha kusintha, ndiye yang'anani pabolodi kawirikawiri.

Ndege ikatera ku Malawi ulendo sudathe. Pali kusintha kwina kumene sikulembedwa pa tikiti, kuchoka m'ndege kulowa mumsewu. Sankhani bwalo molingana ndi kwanu. Wa ku Zomba, ku Machinga kapena ku Mangochi, Chileka amuyandikira, pamene wa ku Salima, ku Nkhotakota kapena ku Dedza atsikire ku Kamuzu International Airport. Ndege imodzi imatha kutera mabwalo onse awiri motsatizana, ndiye musangoona anthu akuimirira nanu nkutsika. Funsani wogwira ntchito m'ndegemo kuti pano ndi pati.

Sutikesi ikapanda kutuluka, musachoke pabwalo musanalembetse. Pali fomu imene a kampani amalemba nkukupatsani nambala yolondolera. Pangano la Montreal la 1999, limene maiko ambiri amatsata, limapereka masiku 7 odandaulira molemba ngati katundu waonongeka, ndi masiku 21 kuchokera tsiku limene mwamulandira ngati adachedwa. Amene wathamangira kukakumbatirana ndi abale nkudzakumbukira ali kumudzi amavutika kwambiri kuti amveke.

Mukatuluka, werengani dzuwa. Ndege ikatera masana, kudinditsa pasipoti, kudikira katundu ndi kudutsa kwa a msonkho kumadya ola kapena kuposa. Bwalo la Kamuzu lili pa mtunda wa makilomita oposa 20 kuchokera m'tauni ya Lilongwe, ndipo kuchoka apo kukafika ku Mangochi ndi ulendo wa maola angapo. Miyezi ya June ndi July dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko. Munthu amene sadagone usiku wathunthu asayendetse yekha galimoto, ndipo ngati kwada, gonani kwa abale m'tauni mudzapitirire m'mawa. Mtumiki (SAW) sankakonda kuti munthu wochokera kutali adzidzimutse banja lake usiku, ndipo lero tili ndi foni, palibe chifukwa chofikira mwadzidzidzi.

Kwa inu otsala kumudzi, amene mumachita hayala minibasi kapena lole kukachingamira a Haji: sankhani munthu mmodzi woti azilankhula ndi apaulendo, ndipo akhale ndi nambala ya ndege yomaliza, osati tsiku lokha. Wapaulendo atumize uthenga kawiri, atafika posinthira ndege, komanso atakhala pampando wa ndege yobwera kwathu. Ngati muli pafupi ndi bwalo, uthenga wachiwiriwo ndiwo ukhale chizindikiro chonyamukira, popeza kuchokera ku Addis Ababa ndege imatenga maola pafupifupi anayi, kuchokera ku Nairobi kapena ku Johannesburg awiri ndi pang'ono. Akutali, monga a ku Makanjira, atumize anthu awiri okha akagone m'tauni, gulu lidikire kunyumba. Mbuzi ya sadaka isazingidwe tsiku lolembedwa pa tikiti. Ikani mwambowo patapita masiku awiri kapena atatu, kuti ngati ndege yawasiya panjira mpunga usaonongeke, ndipo ngati afika pa nthawi yake apeze mpata wogona asanayambe kulandira alendo.